Sikelo, tepi kapena chingwe: n'chiti chimanena zoona pa nkhani ya kunenepa?

Tengani amuna awiri a msinkhu umodzi, aliyense wotalika masentimita 170. Akakwera pa sikelo, onse ikuwawerengera makilogalamu 85. Woyambayo ntchito yake ndi yonyamula katundu tsiku lonse. Mapewa ndi otambalala, mikono yodzaza akatumba, ndipo tepi ikazungulira pamimba pake ikuima pa masentimita 84. Wachiwiriyo amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mikono ndi miyendo n'zoonda, koma mimba yatsogola, tepi ikukafika pa 104. Pa sikelo anthu awiriwa ndi mapasa. Koma mtima, chiwindi ndi mitsempha ya magazi ya awiriwa sizikusenza katundu wofanana m'pang'ono pomwe.

Nkhani yagona pamenepa. Kunenepa kumene azaumoyo amada nako nkhawa si kulemera chabe ayi, koma mafuta amene achuluka m'thupi mpaka kuika moyo pachiswe. Vuto lake n'lakuti mafutawo sungawachotse n'kuwaika pa sikelo paokha. Njira zonse zimene tili nazo zimangotithandiza kuyerekeza, ina bwinoko, ina mophonya. Ndiye funso n'lakuti: munthu wamkulu wofuna kudziwa pamene ali, adalire iti?

Funsoli si la anthu ochepa. Bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, linanena kuti mu 2022 akuluakulu pafupifupi 2.5 biliyoni anali olemera mopitirira muyezo, ndipo mwa amenewa pafupifupi 890 miliyoni anali onenepa kwambiri. Ndiye kuti akuluakulu 16 pa 100 alionse. Kuyerekeza ndi 1990, chiwerengerochi chawirikiza kuposa kawiri. Mukaphatikiza ana ndi achinyamata, anthu onenepa kwambiri anadutsa 1 biliyoni, munthu mmodzi pa 8 alionse.

Sikelo payokha

Imeneyi tisachedwe nayo. Sikelo imakuuzani kulemera kwa zonse pamodzi: mafupa, minofu, madzi, mafuta, ngakhale chakudya chimene chidakali m'mimba. Makilogalamu 80 kwa munthu wamtali si kanthu, kwa wamfupi ndi mtolo. Ntchito imene sikelo imaichita bwino ndi imodzi yokha, kukuonetsani kumene mukulowera. Mukadziyeza pa sikelo yomweyo, nthawi yomweyo ya m'mawa, kwa miyezi ingapo, mudzaona ngati mukukwera kapena kutsika. Zakuti lero yakwera ndi kilogalamu imodzi mawa yatsika, amenewo nthawi zambiri ndi madzi.

BMI, muyezo umene aliyense amaudziwa

Mukapita kuchipatala akakuyezani kulemera ndi kutalika, nambala imene amalemba pambuyo pake ndi BMI. Masamu ake ndi osavuta. Kutalika kwanu m'mamita mukuchulukitse ndi kutalika komweko, kenako makilogalamu anu muwagawe ndi yankho mwapezalo. Amuna athu awiri aja: 1.70 kuchulukitsa ndi 1.70 ndi 2.89, ndipo 85 kugawa ndi 2.89 ndi 29.4. Malire a WHO ndi awa: pansi pa 18.5 munthu ndi woonda kwambiri, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ali bwino, 25 mpaka 29.9 walemera mopitirira, ndipo kuyambira 30 ndiye kunenepa kwambiri. Pamwambapo pali magawo ena, 35 ndi 40, osonyeza kuti vutolo lakula.

Ndi bwino kudziwa kumene muyezo umenewu unachokera, chifukwa mbiri yake imaulula zofooka zake. Amene anayamba kugawa kulemera ndi kutalika motere anali Adolphe Quetelet wa ku Belgium, m'zaka za m'ma 1830. Sanali dokotala. Anali katswiri wa masamu ndi zakuthambo, ndipo chimene ankafuna ndi kufotokoza kaonekedwe ka gulu la anthu, osati kupima wodwala. Dzina loti BMI linabwera mu 1972 ndi Ancel Keys wa ku America, atayesa miyezo ingapo pa amuna oposa 7,000. Akazi munalibe. Keys yemweyo anauona muyezowu kukhala woyenera pofufuza anthu ambiri pamodzi.

Pa ntchito imeneyo BMI ndi yabwinodi, ndipo sindigwirizana ndi amene amati tiitayiretu. Siifuna ndalama, siifuna kuvula zovala, ndipo namwino aliyense angaichite mofanana ndi mnzake wa kutsidya kwa nyanja. Ziwerengero zonse zija za mabiliyoni zaima pa iyo. Komanso nambala ikakwera kwambiri, monga kudutsa 35 kapena 40, mpata woti ikunama umakhala wochepa zedi. Munthu safika pamenepo ndi akatumba okha pokhapokha atakhala wamasewera onyamula zitsulo.

Pamene imaphonya ndi pakatikati, pomwenso pali anthu ambiri. Siisiyanitsa mnofu ndi mafuta, n'chifukwa chake amuna athu awiri aja yawapatsa 29.4 onse. Siidziwa pamene mafuta akhala. Munthu wokalamba amene minofu yake yatha koma mafuta achuluka, BMI imamuuza kuti zonse zili bwino. Munthu wotupa miyendo chifukwa cha matenda a mtima kapena impso, imawerenga madziwo ngati kunenepa. Kwa mayi woyembekezera siigwira ntchito n'komwe.

Palinso nkhani ya mitundu ya anthu. Zinaoneka kuti anthu ambiri a ku Asia amayamba kudwala shuga ndi mtima BMI yawo idakali yotsika, moti akatswiri amene WHO inawasonkhanitsa anatchula 23 ndi 27.5 ngati malire ena oyenera kuchitapo kanthu. Ku China amagwiritsa ntchito 24 ndi 28. Ku Japan munthu amawerengedwa wonenepa kuyambira pa 25. Bungwe la NICE la ku Britain, limene limalemba malangizo a zachipatala, limalangiza malire otsika aja a 23 ndi 27.5 kwa anthu a makolo ochokera ku Asia, ku Middle East, ku Africa ndi ku Caribbean. Choncho munthu mmodzi yemweyo, wa BMI ya 28, buku lina likuti wangolemerako, lina likuti wanenepa kwambiri. Ngakhale bungwe la madokotala la ku America, AMA, mu 2023 linavomereza poyera kuti BMI isamagwiritsidwe ntchito yokha popima munthu.

Izi zikutiphunzitsanso kuwerenga ziwerengero za mayiko mosamala. Tikamva kuti ku United States akuluakulu pafupifupi 40 pa 100 alionse ndi onenepa kwambiri, kuti pa zilumba za ku Pacific monga Tonga, Nauru ndi American Samoa amaposa 60 pa 100, pamene ku Japan ndi ku Vietnam ndi ochepa kwambiri, tizikumbukira kuti onsewo ayezedwa ndi mzere umodzi wa 30. Kusiyanako n'koonadi ndipo n'kwakukulu, koma sikutanthauza kuti kumene nambala ili yotsika kulibe matenda obwera ndi mafuta. Komanso kafukufuku wongofunsa anthu pakamwa amatulutsa nambala zotsika kuposa woyeza ndi sikelo, poti anthufe timakonda kuwonjezera msinkhu n'kuchepetsa makilogalamu.

Tepi pamimba

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa m'pamene pali phindu lalikulu pa mtengo wochepa.

Mafuta a m'thupi si amtundu umodzi. Alipo amene amakhala pansi pa khungu, aja mungawatsine ndi zala pantchafu kapena pamkono. Ndiye alipo ena amene amakhala mkati mwenimweni mwa mimba, kukuta matumbo ndi kuzungulira chiwindi. Amenewa simungawatsine. Ndi amene amachititsa mimba kukhala yolimba ngati ng'oma. Sangokhala phee ngati nkhokwe. Amatulutsa tizinthu toyambitsa kutupa kwa mkati, ndipo magazi ochokera kumeneko amapita molunjika kuchiwindi. Zotsatira zake thupi limayamba kusamva insulini (homoni yotsitsa shuga m'magazi), shuga amakwera m'magazi, BP imakwera, chiwindi chimadzaza mafuta. Njira ya ku matenda a shuga, a mtima ndi sitiroko nthawi zambiri imadzera pamenepa.

Tepi yoyezera, ngati ija ya atelala, ndiyo chida chapafupi chimene chimatiuzako za mafuta amenewa. Koma kayezedwe kake kamafuna kudekha. Imirirani chilili, mapazi moyandikana, mimba ili pamtunda kapena mutavala kansalu kopyapyala. Fufuzani ndi chala nthiti yomalizira m'mbali mwanu, kenako fufuzani nsonga ya fupa la m'chiuno. Pakati pa malo awiriwo m'pamene tepi idutse. Kwa anthu ambiri ndi pamwamba pang'ono pa mchombo. Tepi igone mowongoka kuzungulira thupi lonse, isapendekeke kumsana, ikhudze khungu koma isalowe m'mnofu. Pumani bwinobwino, tulutsani mpweya monga mwa nthawi zonse, ndiye werengani. Musakokere mimba mkati. Ndipo musatenge nambala ya buluku kapena ya lamba ngati muyezo, chifukwa amuna ambiri amamanga lamba pansi pa mimba, pamene mimba yeniyeniyo yalendewera pamwamba pake. Ndinaonapo bambo wina akudabwa kwambiri, tepi itasonyeza masentimita oposa 10 kuposa zimene lamba wake ankamuuza kwa zaka. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha kuti ayezedwenso. Nambala inabwera yomweyo.

Malire amene amatchulidwa kawirikawiri ndi awa: mwamuna akadutsa masentimita 94 ngozi yayamba kukwera, akadutsa 102 yakwera kwambiri, kwa mkazi ndi 80 ndi 88. Chofooka chake n'chakuti nambalazi zinachokera makamaka kwa azungu a ku Ulaya. Kwa amuna a ku South Asia ndi China, bungwe loona za matenda a shuga padziko lonse linaika 90. Ku Japan, kumene kuyambira 2008 anthu a zaka 40 mpaka 74 amayezedwa mimba pa nthawi yopimidwa thupi chaka ndi chaka, malire ndi 85 kwa amuna ndi 90 kwa akazi. Komanso masentimita 94 kwa munthu wotalika 190 ndi kwa wotalika 155 si chinthu chimodzi. Ndiye munthu wamba asunge nambala iti pa zonsezi?

Chingwe chopinda pakati

Yankho limene ine ndimalikonda ndi kuyerekeza mimba ndi msinkhu. Lamulo lake ndi lalifupi: kuzungulira kwa mimba yanu kusafike theka la kutalika kwanu. Wotalika masentimita 170, mimba ikhale pansi pa 85. Wotalika 160, pansi pa 80. Mwa masamu, mumagawa muyezo wa mimba ndi kutalika. NICE mu 2022 inaika motere: 0.4 mpaka 0.49 zili bwino, 0.5 mpaka 0.59 mafuta a pamimba achuluka, ndipo kuyambira 0.6 ngozi ndi yaikulu. Lamuloli ndi limodzi kwa amuna ndi akazi, ndiponso kwa mitundu yonse ya anthu.

Tibwerere kwa amuna athu. Wonyamula katundu uja, 84 kugawa ndi 170, akupeza 0.49. Wapampando uja, 104 kugawa ndi 170, akupeza 0.61. Zimene BMI inabisa zaonekera poyera. Taganiziraninso mayi wotalika masentimita 160, wolemera makilogalamu 62. BMI yake ndi 24.2, ndipo tchati chikumuuza kuti alibe vuto. Koma ngati mimba yake ndi masentimita 88, ndiye kuti ali pa 0.55, ndipo ndi bwino akayezetse shuga ndi BP. Anthu otere ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa palibe amene amawachenjeza. Aliyense amawaona ngati ochepa thupi.

Ubwino wina n'ngwakuti ngakhale tepi siifunika. Tengani chingwe, muchiponde ndi chidendene, muchikoke mpaka pamwamba pa mutu, mudule pamenepo. Chipindeni pakati. Chingwe chopindacho chizungulizeni pamimba, pamalo paja tafotokoza. Nsonga zikakumana mosavutikira, muli bwino. Zikakana kukumana, mpata watsalawo ndiwo uthenga wanu, ndipo mungauone ndi maso n'kuugwira ndi zala. Palibe masamu, palibe tchati.

Nayonso njirayi ili ndi malire ake. Siigwira kwa mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene, ngakhalenso kwa munthu amene mimba yatupa ndi madzi kapena chotupa. BMI ikadutsa 35 siiwonjezera zambiri, poti vuto laoneka kale. Ndipo dzanja likasiyana, muyezo umasiyana: kutsitsa tepi pang'ono kapena kuikoka kwambiri kungasinthe yankho ndi masentimita angapo. Yezani kawiri.

Palinso muyezo wachibale wake, wogawa mimba ndi kuzungulira kwa matako pamene pali potakata kwambiri. Malire a WHO ndi 0.90 kwa amuna ndi 0.85 kwa akazi. Kafukufuku wamkulu wa INTERHEART, wa m'mayiko 52, anasonyeza mu 2005 kuti muyezo umenewu umagwirizana kwambiri ndi matenda a mtima kuposa BMI. Ndi wamphamvu m'manja mwa ofufuza. Kwa munthu wodziyeza yekha ndimauika pambuyo, chifukwa miyezo iwiri ndi mipata iwiri yolakwitsa, ndipo munthu akhoza kuonda ponseponse, mimba ndi matako n'kutsikira limodzi, nambala osasuntha, iye n'kugwa ulesi chonsecho zinthu zikuyenda.

Makina

Masiku ano kuli masikelo amene amati amayeza mafuta a m'thupi. Mumaponda pa tizitsulo opanda nsapato, kamphamvu kochepa ka magetsi kamadutsa m'thupi, ndipo poti mnofu uli ndi madzi ambiri umadutsitsa magetsi mosavuta kuposa mafuta, makinawo amayerekeza kuchuluka kwa mafuta. Nambala imatuluka yooneka yotsimikizika, mpaka kadontho ndi kanambala kotsatira. Musakopeke nazo. Kumwa madzi, kudya, kutuluka thukuta, zonsezi zimaisintha tsiku lomwelo, ndipo pa sikelo yopondapo chabe magetsiwo amayenda kwambiri m'miyendo, osati pamimba pamene tikufunapo. Ngati muli nayo kale, igwiritseni ntchito poona kusintha kwa miyezi, m'mawa musanadye. Amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda asaikwere.

Kapanira kotsinira khungu kamafuna dzanja lozolowera, ndipo kamangoyeza mafuta a pansi pa khungu, osati a mkati aja.

Makina a DXA, amene amaunika thupi lonse ndi X-ray yochepa mphamvu n'kulekanitsa mafupa, minofu ndi mafuta, ndi olondola kwambiri. Makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI ndi CT amaonetsa ngakhale mafuta a m'kati mwa mimba. Koma ndi zodula, zimapezeka m'zipatala zazikulu ndi m'malo ofufuzira, ndipo kwa anthu ambiri zimene zingawauze sizingasinthe malangizo amene tepi yawapatsa kale.

Zimene muyezo uliwonse sungakuuzeni

Nambala imanena kuti mafuta achuluka. Siinena chifukwa chake, ndipo apa m'pamene anthu amapwetekana ndi mawu. Kunena kuti munthu wanenepa chifukwa cha dyera kapena ulesi n'kusadziwa mmene thupi limagwirira ntchito. N'zoona kuti mafuta amaunjikana pamene mphamvu yolowa ndi chakudya ikuposa imene thupi likugwiritsa ntchito. Koma chimene chimalamula njala, kukhuta ndi kasungidwe ka mafuta si kufuna kwa munthu kokha.

Zakumtundu zili ndi gawo lalikulu. Kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti pakati pa 40 ndi 70 peresenti ya kusiyana kwa matupi athu pa nkhaniyi n'kobadwa nako. Mu 1994 gulu la Jeffrey Friedman ku New York linatulukira leptin, homoni imene mafuta amatumiza ku ubongo kukanena kuchuluka kwa zimene zasungidwa. Munthu akaonda, uthengawo umachepa, njala imakula, thupi limayamba kuumira mphamvu. N'chifukwa chake kuonda n'kovuta, koma kukhalabe woonda n'kovuta koposa.

Komabe chibadwa cha anthu sichinasinthe kuchokera mu 1990. Chasintha ndi dziko limene tikukhalamo: zakumwa zotsekemera ndi zakudya zopangidwa m'mafakitale zili paliponse ndipo n'zotsika mtengo, ntchito zambiri n'zokhala pansi, maulendo ndi apagalimoto, tulo tachepa. Mu 2019 Kevin Hall ndi anzake ku America anasunga anthu 20 m'chipatala chofufuzira, n'kumawapatsa milungu iwiri zakudya za m'fakitale, milungu iwiri zakudya zosasinthidwa kwambiri, aliyense adye mmene akufunira. Pa zakudya za m'fakitale anthu omwewo ankadya ma calorie (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku, ndipo analemera pafupifupi kilogalamu imodzi m'milungu iwiri yokha.

Pali zinanso zimene dokotala ayenera kufunsa: mankhwala monga ma steroid, insulini, ena a matenda a maganizo ndi ena a khunyu, chithokomiro chofooka, kusintha kwa thupi mayi akasiya kusamba, kulemera kotsalira pambuyo pa uchembere, nkhawa yosatha, kusiya fodya. Amene akuganiza kuti mankhwala ndiwo akumunenepetsa asawasiye yekha, akakambirane ndi amene anamulembera.

Mu January 2025 gulu la akatswiri 58 losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet Diabetes & Endocrinology linapereka maganizo amene ndikuona kuti ndi anzeru. Linati BMI itsimikizidwe ndi muyezo wina, monga wa mimba, ndipo pambuyo pake funso likhale lakuti: kodi mafutawo ayamba kale kuwononga? Munthu amene akubanika akayenda pang'ono, mawondo akupweteka, akubanika kutulo, mtima kapena chiwindi zayamba kufooka, ameneyo akudwala ndipo akufunika chithandizo lero. Amene mafuta achuluka koma ziwalo zikugwirabe bwino ntchito, ali pangozi koma sanadwale, ndipo chisamaliro chake n'china.

Ndiye musankhe iti?

Mukandifunsa ine, nditi yambani ndi ziwiri. Werengerani BMI kamodzi kuti mudziwe dera limene muli, kenako tengani chingwe kapena tepi. Zonse zikakhala bwino, bwerezani pakatha chaka. BMI ikakhala yokwera koma mimba ili pansi pa theka la msinkhu, makamaka ngati ndinu wantchito yamphamvu kapena wamasewera, mtima ukhale m'malo, ingoyezetsani BP monga aliyense. BMI ikakhala yabwino koma chingwe chikukana kukumana, khulupirirani chingwecho. Zonse ziwiri zikakwera, musadikire kuti mumve kupweteka, chifukwa shuga ndi BP zimatha zaka zikugwira ntchito mwakachetechete.

Popita kuchipatala tengani nambala zanu zitatu, kulemera, kutalika ndi mimba, pamodzi ndi mayina a mankhwala onse amene mukumwa, ndipo pemphani kuyezedwa BP, shuga, ndi mafuta a m'magazi ngati n'kotheka. Musachite mantha kuti akuuzani kuchotsa makilogalamu 30. Kutsitsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu kumasintha kale zinthu. Kwa munthu wa makilogalamu 85 amenewo ndi makilogalamu pafupifupi 4 mpaka 8 ndi theka basi. Pa kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anthu amene anali pafupi kudwala shuga anathandizidwa kutsitsa pafupifupi 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa mlungu, ndipo odwala shuga pakati pawo anachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sanalandire thandizo lotere.

Mukayamba kusintha kadyedwe ndi kuyenda, sikelo ikhoza kuima malo amodzi kwa milungu, makamaka ngati minofu ikukula. Chingwe chija musachitaye. Tsiku loyamba chizungulizeni pamimba chosapinda, mumange kamfundo pamene nsonga yafika, muchisunge m'kabati, ndipo muchitulutsenso pakatha mwezi, m'mawa musanadye.